Disiki ya m'thumba lachikasu

Sellina Alfazema anatsika minibasi pa Limbe itangokwana hafu pasiti seveni, foni ikulira kachinayi m'chikwama. Sanaiyankhe. Ankadziwa kuti ndi a Kingstone, oyang'anira chipatala chapulaiveti cha Sunganimoyo, ndipo mawu awo anali atawamva kale katatu chichokereni ku Naperi: makompyuta onse akukana, fulumirani.

Linali Lolemba la mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma. Pakhonde la chipatala odwala anali atadzaza mabenchi, ena atakhala pansi. Sellina anadutsa osaima, nalunjika kukachipinda ka kuseri kwa masitepe komwe kunkakhala seva.

Iye sanali wantchito wa tsiku ndi tsiku pamalopo. Ankabwera Lachitatu lililonse, kapena akaitanidwa. Koma seva imeneyo anaiika yekha zaka zitatu zapitazo. Anzake a ntchito amaitchula domeni kontirola, koma iye akamafotokozera anthu wamba ankangoti ndi mlonda wa pachipata. Ndi iyo inkasunga dzina ndi pasiwedi ya wantchito aliyense, ndi iyo inkalola munthu kutsegula mafayilo a odwala, ndipo ndi iyonso inkalemba kuti uje walowa nthawi yakuti pa kompyuta yakuti. Ikagwa iyo, onse amatsekeredwa kunja.

A Kingstone anali atatsegula kale chitseko. Sellina atasuzumira anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Munkanunkha mkodzo wa makoswe. Pakona panali matayala akale a galimoto, makatoni a mapepala, ndipo pamwamba pa makina enieniwo panali mbale yapulasitiki ya mpunga womera nguwi.

"Ndinanena kangati kuti muno si mosungira katundu?"

"Aa, madamu, zimenezo n'zazing'ono," anatero a Kingstone. Anali bambo wamimba, wa suti yabuluu ndi perefyumu yoposa muyezo. "Loweruka masana, titatseka kale, magetsi anazima maola anayi. Ndiye mwaona zotsatira zake."

Sellina anayatsa seva. Inalira, inayesa kudzuka, kenaka sikilini yonse inasanduka yabuluu. Anawerenga uthengawo kawiri.

"Nkhokwe ya mayina yawonongeka," anatero. "Zimachitika makina akazima mwadzidzidzi ali mkati molemba. Koma musadandaule, bakapu ilipo. Ikakwana 6 koloko madzulo aliwonse seva imakopera zonse pa disiki yapadera. Pakutha pa maola awiri tikhala tabwerera pomwe tinali Lachisanu."

Anatambasula dzanja pa shelefu osayang'ana, monga ankachitira nthawi zonse. Dzanjalo linakhudza thabwa. Chingwe chinalipo, chikulendewera. Pakati pa fumbi panali malo oyera a makona anayi. Disiki panalibe.

"Mwina makoswe aja," a Kingstone anaseka okha. "Ingoyambani zatsopano, madamu. Fufutani zonse, ine ndikupatsani mndandanda wa mayina. Odwala akudikira."

Ananena msanga kwambiri, ngati munthu amene mawuwo wayenda nawo m'kamwa kuchokera kunyumba.

"Pasafufutidwe kanthu muno," anatero mawu ena kumbuyo kwawo.

* * *

Mwini mawuwo anali bambo wamtali, woonda, wa malaya oyera opinda mikono, kabuku kakuda kali m'manja. Anati ndi Sajenti Chrispine Jeke wa nthambi yofufuza milandu. Lachisanu anali atasiya kalata yopempha mbiri ya onse amene analowa m'makompyuta masabata awiri apitawo, ndipo a Kingstone anamuuza kuti abwere Lolemba, mayi wa makompyuta akakhalapo.

"Ine palibe anandiuza," anatero Sellina.

"Ndaona," anatero Jeke. Atamva dzina la Alfazema anamwetulira pang'ono. "Wa ku Nsanje? Ine wa ku Chikwawa. Tiyeni panja, mwana wa kwathu, muone munthu wina."

Kunja kwa geti, pamthunzi wa mtengo wa mango, panaima Hannah Semba, namwino. Sellina anatsala pang'ono kumudutsa. Anali atavala chitenje ndi malaya akunyumba, nkhope itagwa, ndipo mlonda anali atauzidwa kuti asamulowetse.

Jeke anafotokoza mwachidule. Lolemba la masabata awiri apitawo mayi wina, Lucy Namakhwa, anabwera ndi bala lamafinya pamwendo. Fayilo yake inali ndi chenjezo lofiira kuti penisilini amamuwenga. Anabayidwa penisilini. Pasanathe mphindi makumi awiri anali atatisiya.

"Ndinabaya zomwe analemba a dokotala Thole," anatero Hannah. Mawu ake anali ouma, a munthu wotopa ndi kubwereza nkhani imodzi. "Chenjezo limaoneka kwa dokotala polemba. Ife timangoona dzina la mankhwala ndi mlingo. Ndinawerenga kawiri. Lachiwiri sindinabwere. Lachitatu ndikufika, fayilo ikunena kuti a dokotala analemba mankhwala ena, ndipo pansi pake pali mawu m'dzina langa akuti, ndinasokoneza mabotolo. Ine sindinalembe zimenezo."

"Pasiwedi yanu munapatsako munthu?" anafunsa Sellina.

"Ayi. Ndipo Lachitatulo inakana. A Kingstone anandipatsa ina pakapepala. Akuti sistemu inasokonekera."

Sellina anadziwa tanthauzo lake. Pachipatala chonsecho anthu awiri okha ndiwo ankatha kusintha pasiwedi ya mnzawo: iyeyo, ndi a Kingstone. Mphamvu imeneyo anawapatsa yekha chaka chatha, atatopa ndi kuitanidwa kuchokera ku Naperi nthawi iliyonse wina akaiwala pasiwedi.

"Ndiuzeni mwachidule," anatero Jeke. "Seva ikadzuka, idzalonga?"

"Ikadzuka ndi bakapu, idzanena zonse. Tikayamba zatsopano, nkhabe, palibe chitsale."

"Nanga bakapuyo ili kuti?"

Sellina anatembenukira kuchipatala.

* * *

Anabwerera m'kachipinda kaja, nakankha mbale ya mpunga ndi phazi mpaka kunja. Pansi pa seva panali bokosi lolemera la mabatire, yupiesi, lomwe ntchito yake ndi kugwirizira makina magetsi akazima. Sellina analumikiza laputopu yake kubokosilo. Nalonso limasunga mbiri yake, ndipo si ambiri amadziwa zimenezo.

"Taonani apa, a Sajenti. Magetsi anachoka patadutsa mphindi zitatu itakwana 2 koloko. Patapita mphindi ziwiri jenereta inalandira. Mabatire sanatsike n'komwe. Seva sinadziwe kuti kunja kwachitika kanthu."

"Ndiye inafa ndi chiyani?"

"Hafu pasiti thu, bokosili likunena kuti seva inasiya kukoka magetsi. Patapita mphindi ziwiri inayambanso. Kenaka inasiya. Kasanu, m'mphindi khumi." Sellina analoza pulagi. "Munthu anaima pomwe mwaima inupo. Anazula pulagi, n'kuibwezera, n'kudikira kuti makina ayambe kudzuka, n'kuizulanso. Ngati munthu wopotokola khosi la nkhuku yosafuna kufa."

Jeke analemba m'kabuku. "Ndandanda ya kuzima kwa magetsi imatuluka pasadakhale. Aliyense ankadziwa kuti Loweruka 2 koloko kuzima. Makiyi a muno ali ndi ndani?"

"Ine ndi a Kingstone."

"Inu munali kuti?"

"Ku Zomba, kumaliro a aphunzitsi anga. Basi yonse ya mpingo ingandichitire umboni."

"Chabwino. Tiyeni kwa mlonda."

A Enock Mulima anawapeza akupukuta jenereta ndi kansanza. Anali mdala wa imvi, wa yunifomu yozilala koma yosita bwino, ndipo sankayankha funso asanalizungulire.

"Jenereta iyi, bwana, ndi mkazi wanga wachiwiri. Ikatsokomola ndimadziwa chavuta. Loweruka magetsi atangoti phethi, ine ndinali pano kale. Mufiriji muja muli katemera wa ana, ine Mulima sindingalole awonongeke ndili moyo. Koma maola anayi si masewera. Dizilo anandithera. Mpaka ndinathira wa m'chigubu cha ng'anjo yootchera zinyalala. Dzulo sindinaotche kanthu, ndiotcha ndi chiyani, malovu? Ndawauza a Kingstone m'mawa uno, koma mutu wawo uli ku makompyuta."

"Ndani anatsala pano atatseka?" anadula Jeke.

"Ine, ndi Amida wokolopa. A Kingstone anachoka 11 koloko atavala ngati akwati. Galimoto ya a dokotala inatuluka 12 koloko."

"Ndiye a dokotala sanabwerenso?"

A Enock anapinda kansanza kawo mosamala, kawiri, katatu.

"Galimoto sinabwerenso," anatero. "Kageti ka kumbuyo, bwana, ndikakhala pa jenereta sindikaona."

* * *

A Kingstone sanadikire kufunsidwa. Jeke asanakhale n'komwe pampando, iwo anali atatulutsa kale foni.

"Ukwati wa mwana wa a tcheya a mpingo, ku Kanjedza. Woyendetsa mwambo ndinali ine, kuyambira 1 koloko mpaka 6 koloko. Onani kanema uyu. Uyu ndine. Apa ndikuitana akuchikazi. Apa hafu pasiti thu yeniyeni, ndikuvina ndi azakhali a mkwati. Anthu mazana atatu, bwana, afunseni onse."

"Ine ndinatchula hafu pasiti thu?" anafunsa Jeke mofatsa.

A Kingstone anatseka pakamwa, n'kutsegulanso. "Ndangotchula. Nthawi iliyonse ndinali komweko."

"Kiyi wa kachipinda kaja anali kuti?"

"Mudirowa muno. Amakhala muno nthawi zonse."

"Ndipo wa ofesi ino ali ndi ndani?"

"Ine. Ndi eni chipatala, mwachidziwikire." Anapukuta thukuta pamphumi. "A dokotala ndi alamu anga. Ndinakwatira mlongo wawo. Sitibisirana makiyi."

Dokotala Maurice Thole anawalandira m'chipinda chake cham'mwamba, momwe mpweya wozizira wa makina unkaomba. Anali mwamuna wosalala khungu, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuuza wodwala za matenda osachiritsika. Sanamuyang'ane Sellina ngakhale kamodzi.

"Sajenti, nkhani ya Hannah ikutipweteka tonse. Ndi mtsikana wabwino, ndinamuphunzitsa ndekha ntchito. Koma munthu amalakwitsa, ndipo iye anavomera ndi dzanja lake. Loweruka? Ndinapita kunyumba kukapumula. Madamu anali ku ukwati womwewo. Ndinali ndekha, inde. Kodi kugona masana kwasanduka mlandu? Za makompyuta ine sindizidziwa n'komwe. Ndikaona pulagi ndimaitana munthu."

Za pulagi palibe anali atamuuza. Sellina anayang'ana pansi kuti nkhope yake isamuulule. Pansi pa tebulo panali nsapato zofiirira zosongoka, zonyezimira ngati galasi. Pambali pa nsapatozo panali tishu yogwiritsidwa kale ntchito, chikhalirecho basiketi ya zinyalala inali pafupi pomwepo.

* * *

Amida anamupeza m'chipinda chotsukira ziwiya za odwala. Anali mayi wamng'ono thupi, wa mpango wakuda, ndipo ataona wapolisi anabisa manja kumbuyo ngati waba.

"Ine sindinaone kanthu, bwana. Maso anga amayang'ana pansi. Ndiyo ntchito yanga."

Jeke anayesa uku ndi uku, osaphula kanthu. Potsiriza Sellina anamupempha kuti atuluke pang'ono, natseka chitseko.

"Achemwali, Hannah ali pageti. Akamuzenga mlandu wopha munthu."

Amida anayang'ana kuchitseko. Pampopi pankadontha madzi.

"Sisita Hannah yekha ndiye amanditchula kuti mayi," anatero monong'ona. "Enawa ndine iwe. Iwe, tola ichi. Iwe, pukuta apa." Anapumira m'mwamba. "Loweruka ndinakolopa khonde la kumbuyo. Ndikubwerako kokataya madzi, ndikupeza mapazi pomwe ndakolopa. Nsapato zosongoka. Akuchokera kukageti, akulowera kumasitepe. Ndinadandaula, ndinabwerezanso. Kenaka ndili muno, pawindo ili, ndinawaona."

"Ndani?"

"Eni ake. Anapita pamulu wa matumba achikasu a zinyalala paja. Anamasula limodzi, anaikamo kanthu, anamanganso. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pano, chemwali, a dokotala sanakhudzepo thumba la zinyalala. Ndinati mwina ndi zamankhwala achikuda, ndinatseka pakamwa panga."

Sellina anatsegula chitseko mwamphamvu mpaka Jeke anadzidzimuka.

"Matumba achikasu amawotchedwa Lamulungu m'mawa," anatero. "A dokotala ankadziwa zimenezo. Chomwe sakudziwa n'chakuti dizilo wa ng'anjo anamwedwa ndi jenereta."

* * *

Matumbawo anali khumi ndi anayi, ataunjikidwa pakhoma la kuseri pafupi ndi ng'anjo yozizira. Anali atakhala padzuwa la Okutobala masiku awiri. Ntchentche zobiriwira zinkalira pamwamba pake ngati mawaya a magetsi, ndipo pansi pa muluwo pankatuluka madzi ofiirira akutsetserekera ku ngalande.

Jeke anaima patali, mpango uli pamphuno. "Tidikire anyamata athu abwere ndi zovala zake."

"Afika nthawi yanji? A Kingstone akangotuma munthu kukagula dizilo, zatha." Sellina anavala magolovesi awiriawiri omwe Amida anamupatsa, namanga chitenje kukamwa, natenga mbaniro zachitsulo za a Enock.

Thumba loyamba atangolimasula, fungo linamumenya ngati khofi. Mabandeji omatana ndi magazi akuda, thonje la mafinya, matewera a akuluakulu, timachubu ta mikodzo. Mphutsi zinali yakaliyakali. Pa thumba lachitatu anathamangira kungalande n'kusanza tiyi yense wam'mawa. Anapukuta pakamwa ndi phewa, nabwerera.

Chomwe chinkamunyansa kwambiri sichinali mphutsi. Mphutsi zinkangochita ntchito yake. Chinkamutembenuza mtima chinali kuganiza za munthu wophunzira uja, wa manja ofewa, atawerama pamalo ano ndi nsapato zake zonyezimira, akukankhira moyo wa Hannah pakati pa zoola za odwala ake, kenaka n'kupita kwawo kukasamba.

Amida anabwera osaitanidwa n'kuyamba kumugwirira matumba kukamwa. A Enock ankamanga omwe aonedwa kale. Thumba lachisanu, lachisanu ndi chimodzi. Pa lachisanu ndi chiwiri singano yotayidwa molakwika inabaya golovesi lakunja, n'kuima pa lamkati. Sellina anaiyang'ana kwa kanthawi, nasintha magolovesi.

Mu thumba lachisanu ndi chinayi mbaniro zinagunda chinthu cholimba.

Chinali chitakulungidwa m'golovesi labuluu, lomangidwa mfundo kukamwa kwake. Mwini wake sanafune kudetsa zala zake, ndipo ukhondo wakewo ndi umene unateteza disiki. Mkati munali mouma.

"Golovesilo musalitaye," anatero Jeke, atayandikira tsopano. "Limenelo ndi langa, ndi umboni."

* * *

Sellina anasamba m'manja katatu ndi sopo, kachinayi ndi spiriti, komabe ankamva ngati fungo lalowa pansi pa zikhadabo. Choyamba anakopera zonse za pa disikiyo pa ina yake yapadera, Jeke akuonerera ndi kulemba nthawi. Kenaka analumikiza disiki ku seva, naiyatsa mwa njira yokonzera, momwe makina amadzuka osatsegula nkhokwe yowonongeka ija. Njira imeneyo inali ndi pasiwedi yakeyake, yomwe sanapatsepo munthu aliyense. Anasankha bakapu ya Lachisanu madzulo, nadina.

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa.

Nkhani inali itamveka kale m'chipatala monse. A Kingstone anatulukira pakhomo atanyamula kapu ya tiyi pa sosala.

"Madamu, mwavutika. Imwani kaye." Anatsitsa mawu, akuyang'ana kumbali komwe Jeke ankalankhula pafoni. "Mukudziwa, a dokotala akhala akunena kuti tikufunika munthu wokhazikika wa makompyuta. Ofesi yanuyanu. Galimoto yokutengani ku Naperi. Zinthu zakalezi nthawi zina zimakana kubwerera, si choncho? Palibe angakudzudzuleni."

Perefyumu yawo inasakanikirana ndi fungo lomwe linali likadali m'mphuno mwa Sellina.

"Chotsani tiyi wanu pafupi ndi makina," anatero osatembenuka.

Kamzere kanafika pa 87, kanaima. Mphindi zisanu. Mphindi khumi. Disiki inkalira kuti tcheketcheke, ndipo Sellina anayamba kuganiza za dzuwa la masiku awiri lomwe inapsa nalo. Jeke anaima kumbuyo kwake. Pakhonde mwana wodwala ankalira mosalekeza.

Kanalumpha kufika pa 91. Kenaka kanathamanga mpaka kumapeto.

Seva inazima yokha n'kudzukanso. Sikilini yabuluu sinabwere. Patapita kanthawi kuchokera kutsogolo kunamveka mfuu ya wolandira odwala: "Yalola! Yalola!" Mabenchi anayamba kugwedezeka anthu akuimirira.

Sellina sanasangalale nawo. Anatsegula mbiri ya olowa, nabwerera m'mbuyo mpaka Lachiwiri lotsatana ndi imfa ya Lucy.

"Apa," anatero, chala chili pa sikilini. "Patadutsa mphindi khumi ndi ziwiri itakwana 10 koloko m'mawa, dzina la a Kingstone lasintha pasiwedi ya Hannah. Patapita mphindi zisanu ndi ziwiri, dzina la Hannah lalowa. Osati pa kompyuta ya anamwino. Pa kompyuta ya m'chipinda cha a dokotala. Lakhalamo kotala la ola."

Jeke anatsegula kabuku kake, nabweza masamba m'mbuyo pang'onopang'ono, akunyowetsa chala. Anaima, naonetsa Sellina tsamba lolembedwa ndi inki yakuda.

"Lachiwiri limenelo, kuyambira hafu pasiti naini mpaka 12 koloko, Hannah Semba anali atakhala patsogolo panga kupolisi, akundiuza zomwe zinachitika. Ndinamugulira ndekha madzi akumwa."

* * *

Jeke anasonkhanitsa a Kingstone, dokotala ndi Sellina m'chipinda cham'mwamba chija. Anaika pepala losindikizidwa patebulo, pambali pake golovesi labuluu lili m'kathumba ka pulasitiki. Sanakweze mawu. Anangowerenga nthawi zija imodziimodzi.

Woyamba kusweka anali a Kingstone.

"Ine ndinangosintha pasiwedi! Anandituma ndi awa. Zolembazo sindinalembe ine, pulagi sindinaikhudze, ndinali ku ukwati, mwaona nokha kanema!"

"Kiyi anandisiyira patebulo ndani?" anatero dokotala, kusalala konse kwa mawu kutachoka. "Anandiuza kuti pulagi ndi yakuda ya kumanzere ndani? Si iwe unati ukachotsa kamodzi sizikwanira? Chitsiru. Ntchito imodzi yokha, kuonetsetsa kuti ng'anjo yayaka."

"Mundinena chitsiru ine? Amene munalemba mankhwala muli pafoni ndi chibwenzi chanu cha ku Chirimba, chenjezo lili gaa pamaso panu? Mlongo wanu ndimuuza zonse, ndi akazi anu omwe!"

Jeke ankangolemba.

Dokotala Thole anakoka mpweya, nakonza tayi yake, natembenukira kwa Sajenti ngati kwa munthu yekhayo wanzeru m'chipindamo.

"Tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Mayi uja anali atafa kale, palibe chikanamudzutsa. Pano pamagwira ntchito anthu makumi atatu. Kodi chipatala chonse chitsekedwe chifukwa cha mtembo umodzi? Hannah ndi wamng'ono. Akanamulanda chiphaso zaka ziwiri, zitatu, kenaka n'kukwatiwa, n'kuiwala. Ine ndinaphunzira zaka khumi."

Sellina anayembekezera kuti mwina munthuyo achita manyazi ndi mawu akewo akawamva m'makutu mwake. Sanachite. Ankayang'ana Jeke ndi nkhope yoyembekezera kuvomerezedwa. Sellina anadzuka n'kutuluka, chifukwa akanakhala mphindi ina imodzi akanalavula pa kapeti.

Ali pamasitepe anamva Jeke akuti, "Nyamukani nonse awiri. Tayi muisiye pompo, komwe tikupita salola."

* * *

Jeke atachoka nawo, Sellina anakhala pa seva n'kutseka mayina awiri, la a Kingstone ndi la dokotala. Mphamvu yosintha mapasiwedi anaichotsa kwa aliyense. Kenaka anatuma a Enock kuti akatsegulire Hannah geti.

Hannah analowa ngati mlendo, akuyenda m'mbali mwa khoma. Sellina anamukhazika pa kompyuta ya anamwino.

"Sankhani pasiwedi yatsopano. Nokha. Ine nditembenuka."

Anamva makiyi akulira pang'onopang'ono kumbuyo kwake. Atatembenuka anapeza Hannah atatsegula fayilo ya Lucy Namakhwa, akuyang'ana mawu awiri aja olembedwa m'dzina lake.

"Mungawafufute?"

"Ayi. Ndi umboni tsopano. Akhala pompo mpaka kukhoti." Sellina anazengereza. "Hannah, mphamvu yomwe anagwiritsa ntchito a Kingstone ndinawapatsa ndine. Chifukwa cha ulesi wokwera minibasi."

Hannah sanamutonthoze, ndipo sanamudzudzule. Anangogwedeza mutu kamodzi, maso ali pa sikilini.

"Pepala lomwe munapatsa a Sajenti lija, mungandisindikizireko langa?"

"Mukufuna mukapereke ku bungwe la anamwino?"

"Kumeneko mawa. Lero ndikupita ku Mbayani, kwawo kwa Lucy." Anatseka fayilo. "Ndinapita kumaliro a Lucy. Amuna ake anandithamangitsa ndi mpini, akundinena mfiti, ana awo atatu akuona. Wamkuluyo ndi mtsikana wa sitandade seveni. Sanalire, sananene kanthu. Anangondiyang'ana mpaka ndinakhota pa msika."

"Akakuthamangitsaninso?"

"Mwina. Bambo aja sadziwa kuwerenga zinthu zoterezi, ndipo ine sangandikhulupirire." Hannah anamuyang'ana koyamba. "Inu mukhoza kuwafotokozera. Mwa Chinyanja, pang'onopang'ono, kuti ndi mwanayo amve."

Sellina anaganiza za ntchito ziwiri zomwe zinkamudikira m'tauni masanawo, ndi za bafa la kwawo ku Naperi lomwe analilakalaka kuyambira m'mawa. Anadina kuti pepala lisindikizidwe, nanyamula chikwama chake.

"Tikwera minibasi ya m'tauni, kenaka tiyenda wapansi," anatero. "Mukaona mpini, muime kumbuyo kwanga."